Za m'khutu zisatulukire pa sipika

Anthu akakolola, akagulitsako soya ndi cimanga, ndiyo nthawi imene mabanja ambiri kuno kum'mawa amakumbukira manda. Ifenso caka catha tinatero. Tinasonkherana ndalama kuti tiike ciliza pamanda a agogo athu aakazi kumudzi, ku Kasenengwa. A ku Lusaka anatumiza pa foni, a ku Kitwe cimodzimodzi, ife a mu Chipata tinapereka pamanja. Zonse anasunga ndi amalume aakulu, popeza ndiwo mwini mbumba.

Tsiku lovundukula ciliza, mphwanga amene akhala ku Kapata anabwera ndi katundu wake: masipika awiri aakulu, amplifaya, maikolofoni, jenseti ndi laputopu. Iyi ndiyo nchito yake. Pa ukwati, pa kicheni pate, pa msonkhano wa mpingo, mudzamupeza kuseri kwa tebulo ali ndi mawaya m'manja. Titabwerako kumanda, anthu anakhala pansi pa mitengo ya mango, azimai akugawa nsima, nyimbo za kwaya zikulira capansipansi. Amfumu a m'mudzi analipo, abusa analipo, apongozi a mbali zonse analipo.

Mphwanga anali atatsegula WhatsApp pa laputopu yomweyo kuti atumizire zithunzi abale amene analephera kubwera. Mlongo wathu wa ku Lusaka anayankha ndi voice note. Mnyamata, poganiza kuti ndi mau oyamikira, anadiniza. Mau a mlongo wathu anamveka mpaka kudambo:

"Iwe, uniuze zoona. Ici ciliza naona pa cithunzi ndiye ca ndalama zonse zija? Amalume sanadyeko?"

Anathamangira kuti atseke, koma dzanja linali kunjenjemera. Pamene amazula waya, mau onse anali atatuluka kale. Kunakhala zii. Amalume anaika pansi mbamu ya nsima, nasamba m'manja, nangoti: "Mwamva nonse. Tikambirana alendo akapita."

Akulu amati cakudza siciimba ng'oma. Cathu cinabwera ndi masipika awiri.

Madzi amodzi, ngalande zambiri

Nkhani ngati iyi si yacilendo. Amene amakwera matakisi a mu Chipata adziwa mmene zimakhalira dalaivala akalumikiza foni yake ku wailesi ya galimoto: nyimbo iduka, foni ilira, ndipo inu nonse okwera mumva mmene zinthu zilili kunyumba kwake. M'mabarbershop a ku Kapata ndi ku Saturday Market nyimbo imatsika ndi kukwera kulikonse meseji ikalowa. M'chalichi, pamene mau a nyimbo aonetsedwa pa cipupa, mwadzidzidzi mumva kompyuta ikulira kuti batire yatsala pang'ono. Tonse timaseka, koma tsiku lina cimene cidzatuluka sicidzakhala coseketsa.

Kasenengwa inakhala boma paokha mu 2018, itacotsedwa ku Chipata, ndipo Chipata inakhala mzinda mu 2017. Koma pa umoyo wa tsiku ndi tsiku malire aja saoneka. Anyamata a masipika amacokera m'tauni kupita kumidzi pa Cisanu, kubwerako pa Sondo. Makina amene kale anali a m'maofesi tsopano ali pa maliro, pa cinkhoswe, pa tsiku lopereka mphoto kusukulu. Vuto ndi lakuti laputopu imene iliza nyimbo za gulu ndi yomweyo imene mwiniwake amakambirapo ndi mkazi wake, ndi amene anamukongoza ndalama, ndi abale a kutali.

Kompyuta siidziwa kuti ici ndi ca gulu, ici ndi ca m'khutu. Pulogalamu iliyonse, kaya ndi yoliza nyimbo, kaya WhatsApp, kaya Facebook, imatulutsa mau ake payokha. Kenako Windows imasonkhanitsa mau onsewo n'kuwatumiza kumalo amodzi, kumene mwiniwake anasankha kapena kumene inasankha yokha. Mukalumikiza amplifaya, zonse zipita ku amplifaya.

Amene analimapo dimba adzamva msanga. Pampu ndi imodzi, madzi ndi amodzi, koma mlimi sathirira dimba lonse nthawi imodzi. Amakumba ngalande, n'kutseka iyi ndi dothi, n'kutsegula iyo, kuti madzi apite ku tomato osati ku nazale imene yakhuta kale. Mau a mu kompyuta nawonso ali ndi ngalande zake. Ambiri a ife timangodziwa kukweza ndi kutsitsa pampu, osadziwa kuti ngalande iliyonse ili ndi potsekera pake.

A pa wailesi anadziwa izi kalekale. Pa Breeze FM, imene a Mike Daka anayambitsa mu Chipata mu 2002, kapena pa Radio Maria, muulutsi amakhala kutsogolo kwa tebulo lokhala ndi tumabatani tokankha. Kamodzi ndi ka maikolofoni yake, kena ka nyimbo, kena ka foni ya omvera. Asanaike munthu pa mphepo, angathe kumumvera yekha m'mahedifoni, inu kunyumba osamva kanthu. Cimene ambiri sadziwa n'cakuti katebulo kotere kali kale mu laputopu yao, ndipo n'kaulere.

Coyamba: pulogalamu iliyonse ndi voliyumu yake

Kuyambira pa Windows Vista, imene inatuluka mu 2007, Windows iliyonse ili ndi cimene acha Volume mixer. Ngakhale laputopu yakale ya Windows 7 imene munagula kwa munthu ili nayo. Yang'anani pansi kudzanja lamanja, pafupi ndi nthawi, pali kacizindikiro ka sipika. Dinizani pamenepo ndi batani la kumanja la mausi, ndipo sankhani Open Volume mixer.

Mudzaona mndandanda wa mapulogalamu amene ali otsegula, iliyonse ndi kokwezera kake. Mungasiye nyimbo pa 80, n'kutsitsa Chrome kufika pa 10, n'kutsekeratu WhatsApp. Palinso kena kolembedwa kuti System sounds. Ako ndi ka tumabelu twa Windows yeniyeniyo, tumene tumalira mukalowetsa flash kapena mukalakwitsa cinthu. Ngati muli pa nchito ya gulu, ako tsekani coyambirira. Pa Windows 11 yatsopanoko, kudiniza pamodzi mabatani a Windows, Ctrl ndi V kumakufikitsani pafupi ndi malo omwewo mwamsanga.

Pali misampha iwiri. Woyamba: pulogalamu ina siionekera pa mndandanda mpaka italizako mau kamodzi. Conco musanayambe mwambo, masipika akali ozima, tsegulani zonse zimene mudzagwiritsa nchito, iliyonse ilireko pang'ono, ndiye muikonze.

Waciwiri ndi umene unagwira mphwanga. Iye nyimbo amaliza kucokera pa YouTube mu Chrome, ndipo WhatsApp anaitsegula mu Chrome yomweyo, pa tsamba lina. Kwa Volume mixer, Chrome ndi cinthu cimodzi, olo mutsegule masamba khumi. Mukaitsitsa, zonse zatsika. Mukaikweza, zonse zakwera. Njira yake ndi kudiniza batani la kumanja pa kamutu ka tsambalo pamwamba n'kusankha Mute site, kuti tsamba limenelo lokha likhale cete. Njira yabwino koposa ndi kusiyanitsiratu: nyimbo zikhale zokopera kale, zilire mu VLC kapena pulogalamu ina ya nyimbo, ndipo za pa intaneti zikhale kwina.

Caciwiri: pulogalamu iliyonse ndi njira yake

Kutseka WhatsApp kumathandiza, koma nthawi zina munthu afunika kumva. A ceyamani a komiti ya ukwati atumiza voice note kuti akwati anyamuka ku Moth, konzekerani nyimbo yolowera. Mufunika kuimva, koma inu nokha. Apa ndiye pofunika ngalande yaciwiri.

Kuti zitheke, laputopu ikhale ndi potulukira mau pawiri posiyana. Apa ambiri amasokonezeka. Pa malaputopu ambiri, tumasipika twa mkati ndi kabowo kolowetsa mahedifoni zimawerengedwa ngati cinthu cimodzi. Mukalowetsa waya wa amplifaya m'kabowo, tumasipika twa mkati tumazima. Ndiye cofunika ndi kacipangizo kena: USB sound card, kanthu kakang'ono ngati flash kokhala ndi tumabowo twa mahedifoni, kamene kamapezeka m'mashopu ogulitsa za mafoni ndi makompyuta. Mahedifoni a USB kapena a Bluetooth nawonso amagwira nchito yomweyo, cifukwa Windows imawaona ngati njira ina payokha.

Mukakhala ndi njira ziwiri, nchito yatsala ndi yogawa. Pa Windows 10, kuyambira pa kusintha kumene kunabwera mu April 2018, pitani ku Settings, System, Sound, ndipo pansi mudzapeza App volume and device preferences. Pa Windows 11 ndi Settings, System, Sound, Volume mixer. Pa pulogalamu iliyonse pali posankha Output. Pamenepo muiuza kuti iwe upite ku amplifaya, iwe upite ku mahedifoni.

Tsopano mverani apa, cifukwa ndipo pagona nkhani. Anthu ambiri amaika amplifaya kukhala njira yaikulu, ija Windows imacha default, kenako n'kuyamba kupatula mapulogalamu amene akuwaopa. Uku ndi kuyamba cammbuyo. Mudzaiwalako imodzi, ndipo imeneyo ndiyo idzakucititsani manyazi. Citani mosiyana: njira yaikulu ikhale mahedifoni anu, ndipo ku amplifaya tumizani pulogalamu imodzi cabe, ya nyimbo. Mukatero, ciliconse cobwera mosayembekezera, kaya belu, kaya voice note, kaya kanema wotsatsa malonda, cidzagwera m'khutu mwanu. Ku gulu kudzapita cokhaco cimene munaloleza.

Kumbukirani kuti Windows ili ndi cizolowezi cosamutsira njira yaikulu ku cipangizo cimene mwangolowetsa kumene. Conco lumikizani mawaya onse coyamba, kenako yang'ananinso kuti default ili pati. Pulogalamu ina imafuna kuti muitseke n'kuitsegulanso kuti imvere. Ndipo waya wa USB ukazuka pakati pa mwambo, musangoubwezera n'kupitiriza: tsitsani amplifaya, onani ngati zonse zabwerera m'malo mwake.

Amene ali ndi Windows 7 asataye mtima. Mapulogalamu ena ali ndi posankhira pao. Mu VLC, pitani pa Audio, kenako Audio Device. Mu Zoom, pa Settings pali posankha Speaker. VirtualDJ, imene anyamata ambiri a nyimbo amakonda, inapangidwira zimenezi: Master apita ku gulu, Headphones apita kwa woliza, kuti amvere nyimbo yotsatira isanatuluke.

Palinso dandaulo limene ndamva kwa oliza nyimbo angapo, lakuti nyimbo imatsika yokha popanda wogwira. Si ufiti. Windows inakonzedwa kuti ikazindikira kuti mukuimba kapena kulandira foni pa kompyuta, itsitse mau ena onse ndi 80 peresenti. Kwa munthu wa mu ofesi n'zothandiza. Kwa munthu amene ali pakati pa nyimbo yolowera akwati n'zowononga. Pitani ku Sound Control Panel, pa Windows 11 ndi More sound settings, tsegulani Communications, sankhani Do nothing.

Nanga a foni?

Zoona zake, kumidzi ya Kasenengwa ndi m'makomboni monga Mchini ndi Navutika, nyimbo zambiri sizicokera pa laputopu. Zimacokera pa foni yolumikizidwa ndi Bluetooth ku cisipika cochaja cija cokhala ndi cogwirira. Apa zinthu n'zocepekerako, koma njira zilipo.

Foni ya Android siigawa mau potsata pulogalamu koma potsata mtundu. Mukadiniza batani la voliyumu n'kutsegula tumadontho tumene tumaonekera, mudzapeza kokwezera ka Media, ka Ring kapena Notification, ndi ka Alarm. Kutsitsa ka mameseji kumaletsa kulira kuja kosokoneza nyimbo. Do Not Disturb imacita cimodzimodzi. Koma cenjerani: voice note ndi kanema wa pa status zimawerengedwa ngati Media, pamodzi ndi nyimbo. Olo mutseke mabelu onse, mukadiniza voice note foni ili yolumikizidwa, idzatulukira pa cisipika.

Mafoni ambiri a Samsung Galaxy ali ndi cinthu cochedwa Separate app sound, cimene cimapezeka pa Settings, Sounds and vibration. Pamenepo musankha pulogalamu imodzi, tinene ya nyimbo, kuti ndiyo ipite ku Bluetooth, zina zonse zilire pa foni. Samsung ilinso ndi pulogalamu yochedwa Sound Assistant imene imapatsa app iliyonse voliyumu yake. Pa iPhone palibe zotere, ndipo ngakhale pa makompyuta a Mac munthu amafunika kuikamo pulogalamu yapadera kuti agawe mau motere.

Ngati foni yanu ilibe zimenezi, njira ya kumudzi ndiyo siinama. Koperani nyimbo zonse pa memory card. Ikani foni pa Flight mode, kenako yatsaninso Bluetooth yokha. Palibe foni idzalowa, palibe meseji idzalira, ndipo batire idzakhalitsa. Kapena funani kafoni kakale kopanda SIM kuti kakhale ka nyimbo cabe. Masipika ambiri ochaja amalandira flash kapena memory card mwacindunji, ndiye foni yanu ingakhale m'thumba, kumene ndi kwao.

Si za oliza nyimbo okha

Mphunzitsi amene aonetsa kanema m'kalasi ndi projekita, mlembi wa kopaletivu amene alumikiza alimi ku msonkhano wa pa Zoom, mnyamata wa ku mpingo amene aulutsa mapemphero pa Facebook, onsewa ali pa ngozi imodzi. Pa laputopu ya mphunzitsi pangatuluke uthenga wa kholo lokamba za matenda a mwana. Pa ya mlembi pangatuluke mau a membala wodandaula za mnzake pa nkhani ya fetelaiza. Amene anatumiza uthengawo anakhulupirira kuti akulankhula ndi munthu mmodzi. Sanavomere kuti amvedwe ndi kalasi yonse kapena mudzi wonse.

N'cifukwa cake ine ndiona kuti iyi si nkhani ya ukatswiri wa makompyuta cabe. Ndi nkhani ya ulemu. Kwathu timadziwa kuti pali mau a pabwalo ndi mau a kuseri kwa nkhokwe. Munthu akafuna kukuuza za m'nyumba amakukokera pambali. Makina sadziwa mwambo umenewu, ndiye ndi udindo wa wogwira makina kuwaphunzitsa. Ndipo inu amene mulemba ganyu mnyamata wa masipika, muli ndi ufulu womufunsa musanamupatse ndalama yoyamba: kodi pa laputopu iyi WhatsApp ndi yotseka? Kodi foni ikalowa idzamveka kuti? Wodziwa nchito yake sadzakwiya. Adzakuonetsani.

Inunso otumiza ma voice note, dziwani kumene mnzanu ali. Ngati mudziwa kuti ali pa mwambo ndipo ndiye wagwira nyimbo, lembani meseji, kapena dikirani madzulo.

Mmene zinathera kumudzi

Alendo atapita, amalume anaitana mbumba yonse m'nyumba. Anatulutsa kabuku ka sukulu mmene analemba ngwee iliyonse: mwala, simenti, mchenga, womanga, galimoto yonyamula mwala kucokera ku Chipata, mbuzi, mafuta a jenseti. Panapezeka kuti iwo eni anawonjezerapo ndalama za thumba limodzi la soya. Anauza mphwanga kuti aimbire mlongo wathu, ndipo ulendo uno anapempha okha kuti foni iikidwe pa loud.

"Mwana wanga," anatero, "kufunsa si mlandu. Ndalama zinali zako, unali ndi ufulu. Koma ukanandifunsa ine, osati mng'ono wako. Manje taona, mudzi wonse wamva funso, koma yankho amva ndi anthu khumi cabe."

Mlongo wathu analira pa foni. Pa Khrisimasi anabwera ndi nkhuku ndi citenje ca azakhali, nagwada, nkhani inatha pakati pa abale. Koma amalume ananena zoona. Kufikira lero, pa cigayo pali ena amene amakumbukira funso lija, ndipo kabuku sanakaone.

Mphwanga ndinamupeza mwezi watha pa ukwati wina ku Kalongwezi. Pambali pa laputopu panali kanthu kakang'ono ka USB, mahedifoni ali m'khosi. Anthu asanafike, anatsitsa amplifaya, nauza mnzake kuti amutumizire voice note. Inalira m'mahedifoni, masipika ali duu. Anakwezanso amplifaya pang'onopang'ono, nayesanso kaciwiri.

Ndinamufunsa kuti bwanji kawiri konse.

"Akulu," anayankha, "imwe simunaone nkhope ya amalume pafupi. Ine n'naliona."